Galamala Yoloweza ndi Kalata Yosalembeka

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a akulu, pali dandaulo limene timauzana tikakumana m'misonkhano yathu, koma sitinaliikepo pa pepala. Anyamata ndi atsikana amene amaliza kalasi 9, ena mpaka kalasi 12, m'sukulu za sekondale za kuno ku Tsangano ndi ku Makanga ndiwo timawadalira kuti atithandize kuphunzitsa makolo ao kuwerenga, akhale alembi a mipingo ndi a magulu a alimi, ndiponso alembere agogo ao makalata. Koma mukawapatsa pepala ndi colembera kuti alembe mizere khumi yomveka, ambiri amangotuluka thukuta. M'Cipwitikizi amalemba zosalumikizika, m'Cinyanja amati sanaphunzire. Komatu ana omwewa mukawafunsa kuti "sujeito" n'ciyani, kaya "complemento directo", amayankha mosajejema ngati ali m'kalasi la katekisimu.

Ndifuna tiunike kaphunzitsidwe ka galamala ndi kalembedwe kamene kakubala zipatso zoterezi. Ganizo langa ndi lakuti ana athu akuloweza maina a galamala ya cilankhulo cimene sanacizolowere, pamene galamala imene ali nayo kale pakamwa ikusiyidwa panja pa kalasi. Nkhaniyi ndi yathunso, cifukwa mwana wosatha kulemba lero ndiye mphunzitsi wa kalasi la akulu mawa.

Umo phunziro limayendera

Aliyense amene anatsegulapo kope la mwana wa sekondale akudziwa zimene zilimo. Mphunzitsi amalemba pa bolodi tanthauzo la "substantivo", ana n'kukopera. Mawa lake "adjectivo", ana n'kukopera. Kenaka amapatsidwa ziganizo zisanu zopangidwa kale kuti adule mzere pansi pa mneni. Pofika mayeso, wodula mzere pamalo oyenera ndiye wakhoza. Cimangirizo, cimene iwo amati "redacção", cimabwera mwa apo ndi apo, ndipo mitu yake ndi yomweyomweyo caka ndi caka: sukulu yanga, mudzi wathu, kuipa kwa ulesi. Pepala likabwerera kwa mwini wake limakhala lofiira ndi inki, pamwamba pali 7 kapena 8 mwa 20. Mwana amayang'ana nambalayo, n'kupinda pepala, basi nkhani yathera pomwepo. Palibe womuuza kuti alembenso.

Colakwika coyamba cili apa. Kudziwa dzina la cinthu ndi kudziwa kucigwiritsa nchito ndi maphunziro awiri osiyana. Mungamuuze mwana kuti uwu ndi mpini, uwu ndi msuka, iye n'kuloweza bwinobwino, koma ngati sanalowepo m'munda mzere sangaunge. Kulemba kumaphunziridwa polemba, polakwa ndi polembanso. Galamala imathandiza munthu amene ali kale ndi ciganizo cake m'manja ndipo akufuna kudziwa cifukwa cake cikutsimphina. Kwa amene sanalembepo cakecake, imangokhala katundu wosenza kufikira tsiku la mayeso, kenaka n'kutula.

Galamala imene mwana amabwera nayo

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti m'Mozambiki muno anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse ndiwo anayamwira Cipwitikizi. Kuno kumapiri a kumalire ndi Malawi mwana amakula m'Cinyanja, kumunda, kumsika, kumaliro ndi kumpira komwe. Tsono tiyeni tione zimene mwana ameneyu amadziwa asanaponde m'kalasi.

Mwana wa zaka zisanu sanganene kuti "mtengo cagwa" kapena "zingwe waduka". Amati mtengo wagwa, mitengo yagwa, cingwe caduka, zingwe zaduka, kamwana kagona, tiana tagona. Ameneyu akudziwa kale kuti mneni amatsata dzina, ndipo akusunga magulu a maina oposa khumi osasokoneza ngakhale limodzi. Cipwitikizi cili ndi magulu awiri okha, "masculino" ndi "feminino". Nanga bwanji "concordância" ikhale cilombo coopsa ana athu? Mphunzitsi akanayamba ndi "cingwe caduka, zingwe zaduka", kenaka n'kulemba pambali pake "a corda rebentou, as cordas rebentaram", mwana akanati: Oo, kani ndi zomwezija!

N'cimodzimodzi ndi nthawi za aneni. Ana amasokoneza "cultivou" ndi "cultivava", koma palibe amene amasokoneza "analima" ndi "ankalima". Ka "nka" kameneka ndiko "pretérito imperfeito" wathu. "Conjuntivo" amene amagwetsa ambiri pa mayeso, mwana amamulankhula tsiku ndi tsiku: "Amai akufuna kuti ubwere." Sanena "kuti ubwera" ai. Amasintha "a" kukhala "e" popeza cinthuco sicinacitike, cikungofunidwa. Mpwitikizi naye amatero: "A mãe quer que venhas." Ngakhale pa ulemu pomwe tikufanana. Ana amadabwa kuti bwanji munthu ali pamaso pako koma ukumunena ngati ali kwina: "O senhor já almoçou?" Komatu ife timatero kwa akuluakulu. "Kodi abambo adya kale?" timafunsa motero tikulankhula ndi abambo omwewo.

Tengani mau amodzi awa: sindidzakulemberaninso. Muli kukana (si), wocita (ndi), nthawi ya m'tsogolo (dza), wolandira wopatsidwa ulemu (ku ndi ni), tsinde (lemb), kucitira wina (er), ndi kubwereza (nso). Mwana woti amamanga mau otere mosaganizira n'komwe sitingamuyese mbuli pa galamala. Cimene alibe ndi munthu womuonetsa kuti zimene amacita ndi pakamwa zili ndi dongosolo, ndi kuti dongosolo limenelo lingamuthandize kumvetsa cilankhulo cina. Popeza sanaonetsedwe, akati alembe Cinyanja amadukiza mauwo ngati nzimbe, "si ndi dza ku lembera ni nso", potengera Cipwitikizi cimene cimalekanitsa timau take.

Inki yofiira yosafotokoza kanthu

Pali zolakwa zina zimene zimabwera mobwerezabwereza m'Cipwitikizi ca ana athu. Amalemba "os alunos foram dados livros", kapena "ela nasceu dois filhos". Mphunzitsi amadula ndi inki yofiira, caka camawa mng'ono wake wa mwanayo n'kudzalakwa pomwepo. Zolakwazi zili ndi gwero lake. Ciganizo coyambaco ndi "ana anapatsidwa mabuku" covekedwa malaya a Cipwitikizi. Kwathu wolandira cinthu atha kukhala mwininkhani, pamene Cipwitikizi ca m'mabuku cimapereka malo amenewo kwa cinthu coperekedwaco. Caciwirico ndi "anabala ana awiri". Kwathu kubala ndi kubadwa ndi a tsinde limodzi, koma "nascer" ndi kubadwa kokha.

Katswiri wa zilankhulo wa pa Universidade Eduardo Mondlane, mai Perpétua Gonçalves, anasanthula ziganizo za mtundu umenewu m'mabuku ao, monga lija la 2010 lonena za ciyambi ca Cipwitikizi ca ku Mozambiki, ndipo anaonetsa kuti zimatsata dongosolo la zilankhulo za makolo athu. Ndiye kuti nzeru yake ilipo kale m'dziko muno. Cotsala n'cakuti ifike pa bolodi la ku Ntengo-wa-Mbalame ndi ku Cidzolomondo. Inki yofiira imangouza mwana kuti walakwa. Mphindi zisanu zoyerekeza ziganizo ziwirizo, ca Cinyanja ndi ca Cipwitikizi, zikanamuonetsa pamene anaphonyera njira.

Mbali inanso, Cipwitikizi coloweza cikuononga Cinyanja colemba. Onani makalata amene alembi acinyamata amatumiza kwa abusa kapena kwa amfumu: "Ndabwera kudzera mu njira iyi kudzapempha." Ameneyu ndi "venho por este meio" wa m'makalata a kuboma, womasuliridwa liu ndi liu. Palibe munthu wa kuno amene amalankhula cotero. Agogo ake, amene sanapite patali ndi sukulu, ankadziwa kuyamba ndi moni, kufunsa za moyo, kunena za mvula ndi za odwala, kenaka n'kufika pa cimene cawadetsa nkhawa, ciriconse pamalo pake. Kalata yao inali ndi mutu, thunthu ndi mcira. Mdzukulu wao ali ndi ziganizo zobwereka zimene sadziwa pozimalizira.

Mabuku amene tili nao

Wina anganene kuti, cabwino, tiyambire pa galamala ya Cinyanja, nanga mabuku ake ali kuti? Alipo, koma tiwaunike bwino. Ansembe a gulu la Ajezuiti anasindikiza dikishonale ya Cinyanja ndi Cipwitikizi mu 1963, ndi "Elementos de Gramática Cinyanja" mu 1964. Inali nchito yaikulu, ndipo tiyenera kuithokoza pakuti inasunga mau ambiri. Koma mabukuwa analembedwa m'Cipwitikizi, kulembera mlendo wofuna kuphunzira cilankhulo cathu, kotero amayankha mafunso a mlendo. Mwana wa ku Furancungo safunika kuuzidwa kuti munthu akaculuka timati anthu. Iye afunika kudziwa poika mpumiro ndi poyambira ndime yatsopano.

Ku Malawi kuli mabuku olembedwa m'cilankhulo cathu comweci, monga "Zofunika mu Galamala wa Chichewa" la I.A.J. Nankwenya, ndi "Mtanthauziramawu wa Chinyanja" wotuluka mu 2000. Ubwino wa mabuku a kumeneko ndi wakuti amagwiritsa nchito maina athuathu: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlumikizi, mvekero. Mainawa amadzifotokoza okha. Mlumikizi amalumikiza, mfotokozi amafotokoza, pamene "conjunção" sauza mwana kanthu. Komabe tisadzinamize. Mphunzitsi atha kulowezetsa "mfotokozi" monga momwe analowezetsera "adjectivo", matenda n'kukhala omwewo, dzina lokha n'kusintha. Buku limene lingaphunzitse mwana kulemba koposa onse ndi la nkhani yolembedwa bwino, monga "Nthondo" la Samuel Nthara lotuluka mu 1933, kapena "Kukula ndi Mwambo" la John Gwengwe. Mwana akawerenga tsamba limodzi mokweza, n'kuona umo wolemba amayambira ndime ndi umo amalowetsera mau a anthu olankhula, waphunzira zambiri kuposa sabata lathunthu lokopera matanthauzo.

Nalo boma linayesapo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panali nchito ya PEBIMO yoyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Cinyanja kuno ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Amene anaiunika anapeza ana akufunsa ndi kuyankha momasuka m'kalasi. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za pulaimale. Koma makonzedwe ake ndi akuti Cinyanja cimatsogolera m'makalasi oyambirira okha, kenaka n'kusiyira malo Cipwitikizi. Ndondomeko ya maphunziro a sekondale ya 2007 inachula zilankhulo za m'dziko muno ngati phunziro losankha, koma phunziro lopanda mphunzitsi ndi buku limathera pa pepala. Tsono pa msinkhu umene mwana wayamba kuganiza mozama, kutsutsa ndi kupereka zifukwa, cilankhulo cimene amaganiziramo ndiye cimacotsedwa m'manja mwake. Ndipo kucokera mu 2023, potsata lamulo la maphunziro la 2018, kalasi 7 inasamukira ku sekondale, kotero mwana akukumana ndi zimenezi ali wamng'ono kuposa kale.

Nkhondo ya c ndi ch

Pa kalembedwe ka mau, mwana wa kuno amakumana ndi njira zitatu. Buku Lopatulika la 1922, m'masindikizo ake akale amene akali m'nyumba zambiri, limalemba "cifukwa". Mabuku ndi nyuzipepala zocokera ku Malawi, kumene malamulo a kalembedwe a 1973 anakhazikitsa "ch", zimalemba "chifukwa". Kusukulu amamuuza kuti "c" amamveka k kapena s, ndipo "ch" amamveka sh. N'cifukwa cake pa zikwangwani pali Macanga pamene ife timati Makanga, Ulónguè pamene timati Ulongwe, Dómuè pamene timati Domwe. Misonkhano ya akatswiri yokonza kalembedwe ka zilankhulo za m'Mozambiki, ya mu 1988, 1999 ndi 2008, inasunga "c" amene tikulemba m'magazini ino.

Ena mwa ife tasandutsa nkhaniyi nkhondo, mpaka kubweza pepala la mwana cifukwa walemba "ch". Ameneyo mukamubweza kawiri salembanso. Muonetseni njira zonse zitatu tsiku limodzi, adziwe kumene iliyonse icokera, asankhe imodzi ndi kuisunga kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pansi. Mphamvu zotsalazo zipite pa funso lalikulu: kodi wowerenga amva cimene mwanayu akunena?

Tisaweruze aphunzitsi mopitirira

Kunena zoona, aphunzitsi a sekondale ali pa mtolo wolemera. Makalasi ndi odzaza mpaka pakhomo, ndipo mphunzitsi mmodzi amazungulira angapo. Kuconga zimangirizo za ana onsewo ndi nchito ya masiku, pamene kuconga mizere yodula pansi pa mneni n'kwa madzulo amodzi. Ena anacokera ku zigawo zina ndipo Cinyanja sacimva. Mayeso a boma nao ali m'Cipwitikizi, cimene ndime 10 ya malamulo a dziko a 2004 imaciika kukhala cilankhulo ca boma. Tisaiwale komabe kuti ndime 9 ya malamulo omwewo imalamula boma kulemekeza zilankhulo zathu ndi kulimbikitsa kuti zikule.

Makolo nao amati: Ife tinatumiza mwana kukaphunzira Cizungu, Cinyanja amacidziwa kale. Nkhawa yao n'njomveka, pakuti kalata yopempha nchito salemba m'Cinyanja. Yankho langa ndi lakuti luso la kulemba munthu amaliphunzira kamodzi. Kusankha coyamba kunena, kusunga mfundo imodzi m'ndime imodzi, kuganizira wowerenga, kudziwa pothera, zimenezi zilibe mtundu. Wozidziwa m'Cinyanja amangosowa mau a Cipwitikizi, ndipo mau amapezeka. Wosazidziwa konse, ngakhale muunjike mau m'mutu mwake, amalemba zobalalika m'zilankhulo zonse ziwiri.

Umboni tili nao pakati pathu. Nkhondo itafika poipa, makamaka kuyambira 1986, anthu ambiri a kuno anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo ana ena analowa sukulu za kumeneko kumene Cicewa cinali phunziro la m'kalasi. Pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 litasainidwa ku Roma, anabwerera kwao. Inu nomwe mukuwadziwa, ena ndinu amene mukuwerenganu. Ambiri sanafike ku sekondale, koma akagwira buku la msonkhano mumamva bwinobwino amene analankhula, cimene anagwirizana, ndi amene apatsidwa nchito. Si zacilendo lero kuona bambo wotero akukonza kalata ya mwana wake wa kalasi 11.

Zimene ife tingacite

Ndondomeko ya boma sitingaisinthe ife, koma acinyamata amene amatithandiza m'makalasi a akulu ali m'manja mwathu, ndipo m'mera mpoyamba.

Coyamba, asanaime kutsogolo kwa makolo ao, alembe tsamba limodzi sabata lirilonse, ndipo likhale ndi wowerenga weniweni: kalata kwa mbale amene ali ku Joni, lipoti la msonkhano wa Loweruka, malangizo a kafesedwe ka nazale ya fodya kwa mlimi woyamba kumene, kapena nkhani ya umo mtengo wa mbatata ya kacewere wayendera pa msika wa kumalire caka cino. Munthu amalemba bwino cimene akucidziwa, polembera amene akufuna kucimva.

Caciwiri, mwini wake awerenge mokweza pamaso pa anzake. Pamene wapumira pang'ono paikidwe mpatuliro, pamene mau atsika ndipo ganizo latha paikidwe mpumiro. Pamene omvera afunsa kuti "ndani tsono ameneyo?" ndipo pasowa dzina. Khutu la mwana wa kuno ndi lakuthwa kuposa diso lake, tiligwiritse nchito.

Cacitatu, pokonza musafiiritse tsamba lonse. Sankhani zolakwa ziwiri zokha, mufotokoze cifukwa cake, alembenso. Malikisi n'ngosafunika pamenepa. Kulembanso kumeneku ndiko phunziro lenileni, ndipo ndiko kumene kukusowa kusukulu.

Cacinai, tsamba likakhala bwino m'Cinyanja, alilembe m'Cipwitikizi, masamba awiriwo agone pamodzi pa tebulo. Apa ndipo galamala ilowe, pamodzi ndi maina ake onse, poyankha mafunso amene mwanayo wakumana nao yekha. Ngati Cipwitikizi canu n'cocepa, pemphani mphunzitsi wa sekondale amene mumapemphera naye kapena mumamwa naye madzi a pa mjigo umodzi, adzakhale nanu kamodzi pa mwezi. Mutu umodzi susenza denga. Naye adzapindula, pakuti adzaona kumene zolakwa za ana ake zimacokera.

Cacisanu, apatseni mbiri ya kwao ikhale munda wophunziriramo kulemba. Ana a ku Makanga amaloweza zaka za mafumu a kutali, koma ndi angati amene angalembe tsamba limodzi za ufumu wa banja la Pereira umene unalamulira dera lino, ndi za Cinsinga amene Apwitikizi anamugonjetsa mu 1902? M'makalasi anu muli amai ndi abambo amene anamva nkhani zotere kwa agogo ao, amene anaona ulamuliro wa atsamunda, amene anayenda usiku ndi ana kumsana kulowera ku Malawi. Wacinyamata akhale pansi ndi mmodzi wa iwo, afunse, amvetsere, alembe, kenaka akamuwerengere mwini nkhaniyo kuti avomereze kapena akonze. Pa tsamba limodzi lotere muli "analima" ndi "ankalima", muli mau a wolankhula ofuna mitengero, muli ndime zofuna dongosolo, muli ulemu woyenera akulu. Ndipo wokalambayo, amene akuphunzira kumene zilembo, adzafuna kuwerenga yekha nkhani yake.

Masamba otere, akalembedwa kaciwiri ndipo mwini nkhani walola, atumizeni kwa akonzi a magazini ino. Mulembe dzina la mudzi, caka cimene zinacitika ngati cikudziwika, ndi kalasi imene wolembayo ali. Musawakonzere Cinyanja cao kuti cifanane ndi canu. Tikufuna timve umo ana a ku Tsangano ndi ku Makanga amalembera akapatsidwa nkhani yao ndi munthu woiwerenga.